Mtengo wa galimoto yaliwiro umawerengedwa kuchokera pansi

Munthu wofuna kugula Toyota Sienta, Vitz kapena Probox m'dziko muno savutika kudziwa ndalama zoyenera kunyamula, chifukwa galimoto zoterezi zili ponseponse, ndipo akangocheza pang'ono ndi oyendetsa matakisi a pa Kamuzu Road kapena opita ku Senga Bay amachoka akudziwa mtengo wabwino komanso pamene ayenera kukanira. Galimoto yaliwiro ya zitseko ziwiri, monga Toyota 86, Subaru BRZ, Mazda MX-5 kapena Nissan Fairlady Z, nkhani yake ndi ina. Kuno ku Salima mwezi umatha osakumana nayo pamsewu ngakhale imodzi, ndipo ngakhale ku Lilongwe, kumene ogulitsa galimoto achuluka, si kawirikawiri kupeza ziwiri zofanana zoti munthu ayerekeze. Wogulitsa amadziwa zimenezi. Amadziwanso kuti munthu wobwera kudzaona galimoto yotereyi mtima wake unakopeka kale asanafike pamalopo, motero mtengo woyamba umene amatchula umakhala woyeza kukula kwa chilakolako cha wogulayo.

Ine ndinagula Toyota 86 yogwiritsidwapo kale ntchito kwa wogulitsa galimoto wina wa ku Lilongwe, ndipo ndimaiyendetsa kuno kunyanja. Chimene ndikufuna kufotokoza ndi chakuti chizolowezi chathu cha kumsika, chomva mtengo n'kuyamba kudulako pang'onopang'ono mpaka wogulitsa atatopa, sichithandiza pa galimoto zamtunduwu. Ngati mtengo woyambawo anaukweza dala, ngakhale akuchotsereni gawo lalikulu mumabwerera kunyumba mukusangalala chonsecho mwalipira mopitirira. Njira imene ndinaona kuti ndi yachilungamo kwa tonse awiri ndi yoyambira pansi: kudziwa ndalama zimene wogulitsayo anawononga kuti galimotoyo ifike pamalo ake, kuchotsapo za zinthu zofunika kukonza, kenako n'kuwonjezerapo phindu limene munthu wabizinesi ayenera kupeza, pakuti nayenso ali ndi lendi ya malo, alonda ndi ana ofuna sukulu.

Ndiyambe ndi galimotoyo, popeza munthu sanganenerere chinthu chimene sakuchidziwa. Toyota 86 inayamba kugulitsidwa m'chaka cha 2012, ndipo inapangidwa mogwirizana ndi kampani ya Subaru, imene inatulutsa inzake yofanana nayo pansi pa dzina lakuti BRZ. Injini yake ndi ya Subaru, ya malita awiri, yogona chafulati, ndipo mphamvu imapita ku matayala a kumbuyo. Nambala ya chasisi ya Toyota 86 imayamba ndi ZN6 pamene ya BRZ imayamba ndi ZC6. M'chaka cha 2016 anaisintha maonekedwe a kutsogolo ndi nyali zake, zimene zikutanthauza kuti ya 2013 ndi ya 2017 sizingakhale pa mtengo umodzi ngakhale zitapakidwa polishi wofanana. Palinso nkhani yakuti mu 2018 opanga anaitanitsanso galimoto zimenezi zopangidwa mu 2012 ndi 2013 kuti akasinthe masipuling'i a mavalavu a mu injini amene ankatha kuthyoka. Wogula galimoto ya zaka zimenezo ali ndi ufulu wonse wofunsa ngati ntchitoyo inachitika galimotoyo isanachoke ku Japan, ndipo ngati palibe chikalata chosonyeza, chikaikocho chiyenera kuoneka pa mtengo.

Kuwerengera kwanga kunayambira ku Japan, kumene galimoto zambiri za m'misewu yathu zimachokera chifukwa nawonso amayenda kumanzere ngati ife. Makampani ngati BE FORWARD ndi SBT Japan amaika mitengo yawo poyera pa intaneti, kuphatikizapo mtengo wofikitsira galimoto pa doko la Dar es Salaam, ndipo munthu aliyense wokhala ndi foni akhoza kufufuza galimoto za chaka chomwecho ndi makilomita ofanana n'kuona pamene mitengo yake ikuzungulira. Pamwamba pa zimenezo pamabwera zolipira za padoko, ulendo wodutsa ku Mbeya n'kulowa m'dziko muno pa chipata cha Songwe, kenako msonkho wa MRA, umene umakula malinga ndi kukula kwa injini komanso zaka za galimoto. Pa nkhani ya msonkhoyi sindinadalire mawu a wogulitsa. Ndinafunsa munthu wogwira ntchito yochotsa katundu pa chipata, yemwe analibe phindu lililonse pa malonda athuwo, ndipo iye anandiwerengera bwinobwino. Apa ndi pamene Nissan Fairlady Z, imene injini yake ndi ya malita 3.5 kapena 3.7, imasiyanirana kwambiri ndi Toyota 86: ku Japan mitengo yake ikhoza kuyandikana, koma zikafika pa Songwe zimalekana.

Pali mawu amodzi amene wogula aliyense amamva masiku ano, akuti dola yakwera. Mawuwa si abodza ndipo sindikufuna kuwapeputsa. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense amene anayesapo kupempha ndalama zakunja kubanki akudziwa kuvuta kwake. Wogulitsa amene anagula galimoto kwacha isanagwe sangaigulitse pa mtengo wakale, chifukwa ndalama zimene angapeze sizingamugulire ina yoika pamalopo, ndipo bizinesi yake ingathere pomwepo. Mfundo imeneyi ndinaivomereza ndi mtima wonse, ndipo powerengera ndinagwiritsa ntchito mtengo wa dola wa nthawi yogulayo. Chimene ndinakana ndi chakuti dola ikhale yankho la funso lililonse. Msonkho unalipiridwa kale m'makwacha pa tsiku lake ndipo uli ndi risiti. Matayala otha sakhala atsopano chifukwa chakuti dola yakwera. Munthu akalekanitsa zinthu zimene zimatsatadi dola ndi zimene sizitsata, kukambirana kumayamba kuyenda pa mfundo zooneka.

Chikalata chimene ndimachiona kukhala chofunika kuposa zonse ndi pepala la ku okushoni ya ku Japan. Galimoto zambiri zisanatumizidwe kunja zimadutsa m'misika yaikulu ya okushoni, monga ya USS, kumene oyendera galimoto amazipatsa magiredi. Giredi 4 kapena 4.5 imasonyeza galimoto yabwino, 3.5 ndi yofuna ntchito pang'ono, pamene chilembo cha R chimatanthauza kuti galimotoyo inakonzedwapo kapena kusinthidwa mbali zikuluzikulu, kawirikawiri chifukwa cha ngozi. Papepalapo pamakhalanso chithunzi cha galimoto chokhala ndi zizindikiro: A ndi pokandika, U ndi pophwanyika molowa m'kati, W ndi pamene anawongola n'kupenta, ndipo XX ndi chitsulo chimene chinachotsedwa n'kuikapo china. Kwa galimoto ya banja, pepalali ndi lothandiza; kwa galimoto yaliwiro ndi lofunika zedi, chifukwa galimoto zotere zimagulidwa ndi anthu okonda kuthamanga, ena amapita nazo m'mabwalo a mpikisano, ndipo chiwerengero cha zimene zinawombanapo sichingakhale chochepa. Kuwonjezera apo, chikalata chotulutsira galimoto m'dziko la Japan chimasonyeza makilomita amene galimotoyo inali itayenda pa nthawi imene boma la kumeneko linkaiyeza, ndiye ngati nambala ya pa dashibodi ndi yochepa kuposa ya pachikalatapo, palibenso chokambirana. Wogulitsa amene ndinachita naye malonda anatulutsa mapepala onsewa atangofunsidwa, ndipo zimenezo zinandichititsa kumulemekeza, ngakhale kuti pa mtengo tinali tisanagwirizane.

Ndinanyamuka ku Salima ndi makaniko wanga, bambo wachikulire amene wakhala akukonza galimoto zanga zonse, ndipo tinadzera msewu wa M14 m'mamawa kuti tikafike injini isanalizidwe. Zimenezi ndinapempha dala pafoni, chifukwa injini yozizira siibisa matenda: utsi wabuluu, kugogoda kwa m'kati ndi kuvuta kulira zimaoneka pa mphindi yoyamba yokhayo. Galimotoyo inali yoyera, yowala kwambiri moti anyamata odutsa ankaima kuijambula. Makanikoyo sanayang'ane n'komwe kuwalako. Anangonena motsitsa mawu kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, kenako anayala katoni pansi n'kugona chagada ndi tochi m'manja. Atadzuka anandiitana kuti ndione ndekha: kunsi kwa bampala ya kutsogolo kunali kokhulika mpaka pulasitiki itayera, ndipo chitsulo choteteza injini chinali ndi mizere yatsopano. Galimoto imeneyi inatalikirana ndi nthaka masentimita 13 okha, ndipo zinali zoonekeratu kuti inabwera ikuyendetsedwa ulendo wonse wa makilomita pafupifupi 1,500 kuchokera ku Dar es Salaam, ili ndi nambala yongodutsira ya IT, m'malo monyamulidwa pa lole.

Anapitiriza ndi zinthu zing'onozing'ono zimene munthu wokopeka ndi utoto saziona. Anayendetsa chala m'mphepete mwa boneti ndi zitseko kuti amve ngati mipata yake ndi yofanana mbali zonse, anayang'ana mitu ya mabawuti a mafenda ngati sipanadutse sipanala, ndipo anatukula kapeti ya m'buti kufuna zizindikiro za kuwotcherera. Pa matayala anandionetsa manambala anayi amene amalembedwa m'mbali, awiri oyamba osonyeza sabata ndipo awiri otsiriza chaka chimene tayalalo linapangidwa. A kutsogolo anali akale koma osatha, pamene a kumbuyo anali atsopanoko koma atadyeka kwambiri m'kati. Pa galimoto yokoka ndi kumbuyo, zimenezi zimanena zambiri za phazi la mwini wake woyamba. Poiyesa pamsewu, kilatchi inkagwira pamwamba penipeni, chizindikiro chakuti masiku ake atsala ochepa. Injini yokha inali bwino, makina oyezera a kompyuta sanapeze vuto, ndipo panalibe umboni wa ngozi yaikulu. Zonsezi ndinazilemba papepala, ndipo tisanabwerere kwa wogulitsa tinaimbira ogulitsa zipangizo kuti timve mitengo ya matayala a saizi ya 215/45R17, kilatchi yatsopano ndi ntchito yoikira.

Ndinene pang'ono za zinthu zowonjezera, chifukwa pamenepa achinyamata ambiri amalipira zimene sayenera kulipira. Galimoto zaliwiro zochokera ku Japan nthawi zambiri zimabwera ndi ekizozi yaphokoso, malimu okongola kapena masipuling'i otsitsa galimoto, ndipo wogulitsa amaziwerengera ngati chuma chokweza mtengo. Kwa munthu wokhala ku Salima, galimoto yotsitsidwa kuposa mmene inapangidwira ndi vuto limene adzawononge ndalama kuti alichotse. Chimodzimodzinso injini imene inasinthidwa kuti ikhale ndi mphamvu zambiri: palibe amene angakuuzeni mwachilungamo mmene inavutitsidwira. Ofuna Mazda RX-8, imene injini yake ndi yamtundu wozungulira ndipo imadya oyilo mwachibadwa, ayenera kuchenjera koposa, popeza kutha kwa injini yotere kumadziwika poyeza mphamvu ya mpweya wa m'kati ndi chida chapadera, ndipo amakaniko oidziwa bwino m'dziko muno ndi owerengeka.

Titakhala pansi mu kaofesi ka wogulitsa uja, sindinayambe ndi kutchula ndalama zanga. Ndinamuyalira pepala la kuwerengera kwanga n'kunena kuti, “Bambo, galimoto yanu ndaikonda ndipo sindikubisirani. Onani mmene ndawerengera ndalama zimene munawononga kuti ifike pano. Ngati penapake ndalakwitsa, ndikonzeni.” Anayang'ana papepalapo kwa nthawi ndithu, kenako anati, “Bwana, mwaiwala dalaivala ndi mafuta a m'njira, komanso miyezi yonseyi ndakhala ndikulipira mlonda.” Za dalaivala ndi mafuta zinali zoona ndipo ndinaziwonjezera pomwepo iye akuona. Mawu ake a miyezi aja ndi amene anandiuza chinthu chofunika kwambiri, chimene wogula galimoto yaliwiro aliyense ayenera kuchisunga mumtima: galimoto yotereyi oisirira ndi ambiri koma oigula ndi ochepa. Sienta ikafika pamalo, pasanathe nthawi wamatakisi waitenga. Galimoto ya zitseko ziwiri, yosatha kunyamula thumba la chimanga ndi apongozi nthawi imodzi, imaima padzuwa ikudikira munthu mmodzi wosowa, pamene ndalama za mwini wake zamangika. Kusowa kwa galimotoyo, kumene iye ankakutchula pokweza mtengo, n'kumenenso kunali mphamvu yanga.

Sindinagwiritse ntchito mphamvu imeneyo pomunyoza kapena kunyoza katundu wake. Ndaonapo anthu akuyamba kunenerera potukwana galimoto, akumati ndi chiphakasa, ndipo wogulitsa amangouma mtima chifukwa wanyazitsidwa pamaso pa antchito ake. Ine ndinatchula mtengo umodzi, ndinafotokoza kumene wachokera, phindu lake lili momwemo, kenako ndinakhala chete. Iye anatsika pang'ono n'kunena kuti pali munthu wina wa ku Blantyre amene akubwera ndi ndalama mawa lake. Mawu oterewa akhoza kukhala oona kapena ayi, ndipo palibe chifukwa chotsutsana nawo. Ndinangoti, “Ngati abwere ndi ndalama zoposa zanga, agulitseni ndithu, sindidzadandaula. Nambala yanga ndi iyi.” Tinatsanzikana bwino ndipo tinabwerera ku Salima opanda galimoto. Kunena zoona mtima unkawawa pamene tinkatsika mapiri a ku Mvera, chifukwa galimotoyo ndinkaifunadi, koma malire a ndalama zanga ndinali nditawaika ndili kunyumba, mutu uli wozizira, ndipo sindikanawasuntha chifukwa cha fungo la mipando.

Malire amenewo sanachokere pa mtengo wogulira wokha. Munthu wokhala m'mbali mwa nyanja ayenera kuwerengera moyo umene galimotoyo idzakhale. Msewu wa M5 wopita ku Nkhotakota uli ndi malo amene maenje ndi m'mphepete modyeka zimavutitsa ngakhale galimoto zazitali, ndipo matayala opyapyala a galimoto yaliwiro akagunda dzenje limodzi molakwika, limu imapindika. Zitunda zochepetsa liwiro za m'matauni zimafuna kuzikwera chopingasa. Kutentha kwa mu Okutobala kuno sikukhululukira radiyeta yofooka kapena oyilo wachisawawa, ndipo injini imeneyi inapangidwira oyilo wopyapyala wa 0W-20 komanso petulo wa mphamvu yapamwamba, pamene ife timathira petulo wamtundu umodzi, wosakanizidwa ndi ethanol wochokera ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ngakhale kusintha mapulagi ndi ntchito yaikulu chifukwa injini yogona chafulati inawabisa m'mbali, pafupi ndi chasisi. Zipangizo zambiri sizipezeka pa Salima, zina ngakhale ku Biwi mu Lilongwe, ndipo zimafuna kuitanitsa kuchokera ku Johannesburg kapena ku Japan. Zinthu izi si mlandu wa wogulitsa ndipo sindikanamuuza kuti azilipire iye, koma zinandiuza kuti ndiyenera kutsala ndi ndalama m'thumba nditagula, chifukwa galimoto yogulidwa ndi tambala yomaliza imathera pansi pa mtengo wa mango itafundika tenti.

Wogulitsa uja anandiimbira yekha patapita masiku. Panthawiyi kukambirana kunali kwaufupi, chifukwa aliyense ankadziwa pamene mnzake waima. Iye anakana kufika pa mtengo wanga ndendende, ndipo ine ndinakwerako pang'ono, koma m'malo mokangana pa kusiyana kotsalako tinakusandutsa zinthu: anavomera kuika matayala awiri atsopano a kumbuyo, amtundu umene tinatchula, komanso kulipira yekha kalembera wa galimotoyo ndi COF, chikalata chotsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Wogulitsa amavomera msanga kupereka zinthu kusiyana ndi kudula ndalama, popeza iye amazipeza motsika mtengo kwa anzake a bizinesi, ndipo kwa ine phindu lake linali lomwelo. Kilatchi ndinaisiya kumbali yanga mwadala, kuti aikonze makaniko amene ndimamukhulupirira. Panali mnyamata wina amene anadziika pakati pathu kuyambira tsiku loyamba, mmodzi wa madobadoba amene sasowa pamalo oterewa, ndipo ndinanena poyera kuti ngati pali cholowa chake chichokere kwa amene anamutuma. Ndalama za anthu apakatiwa nthawi zambiri zimabisidwa mu mtengo, ndipo wogula amalipira munthu amene sanamulembe ntchito.

Mtengo wabwino ukhoza kuwonongeka pa tsiku lolipira ngati mapepala sali bwino, choncho gawo lomalizali sindinalithamangire. Tinafananiza nambala ya chasisi ya pagalimoto ndi ya pa zikalata za ku Japan, za MRA ndi za apolisi, chilembo ndi chilembo, makaniko akuwerenga mokweza ine ndikutsatira ndi chala. Galimoto imene msonkho wake sunalipiridwe mokwanira ikhoza kulandidwa ili m'manja mwa wogula, ndipo pamenepo kuchotseredwa konse kuja kumakhala kopanda ntchito. Pangano tinalemba papepala, lotchula mtengo, matayala aja, makilomita a pa dashibodi ndi tsiku lopereka galimoto, ndipo tonse tinasaina pamaso pa mboni. Ndalama ndinatumiza kudzera kubanki ku akaunti ya bizinesi yake kuti pakhale umboni, ndipo gawo lomaliza ndinalipira titachoka ku ofesi ya Road Traffic, bulubuku litatuluka m'dzina langa. Inshuwalansi ndinadula ya chitetezo chonse, nditafunsa kaye makampani angapo, chifukwa nyali imodzi ya kutsogolo ya galimoto imeneyi ikasweka pa Kamuzu Road iyenera kuitanitsidwa kunja ndipo imalipiridwa m'madola.